Atelala Anachapa Lamba Wanga

Kamphuno anandilakwira Loweruka lachiwiri la mwezi wa Julayi, zaka 27 zapitazo. Tonse awiri tinkaphunzira karate m'holo imodzi, kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo tonse tinali ndi lamba wa bulauni, womwe ndi wotsiriza munthu asanavale wakuda. Aphunzitsi athu anamupatsa iye ntchito yolemba mayina a anthu oyenera kuyesedwa, poti anapita patali ndi sukulu pamene ine ndinalekezera kalasi yachisanu. Langa sanalembe. Ndinaima pamzere ndi yunifomu yositasita, oyesa ochokera kutali anawerenga mayina onse, kenaka anandiuza kuti ndikakhale kumbali ndi oonerera. Chifukwa chake ndimachidziwa. Kutatsala sabata imodzi kuti mayesowo achitike ndinamuphwanya mphuno tikuyeserera, anthu akuona. Chaka chomwecho aphunzitsi anamwalira, holo inatsala m'manja mwake, ine sindinapondemonso.

Lero ophunzira ake amamutchula kuti Sensei, kutanthauza mphunzitsi, namuweramira akamalowa. Ine ndimamutchula Kamphuno, poti mphuno ija inapolera kumbali. Nanenso anthu a mumsewu wathu amanditchula a Bulauni. Ndinasiya kukwiya nalo dzinalo, chifukwa ndi loona.

*

Ndili ndi zaka 58 ndipo ndimakonza nsapato pakhonde la sitolo yogulitsa penti. Tsidya la msewu, moyang'anana ndi ine, pali kachipinda ka Atelala. Muli makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, benchi la makasitomala ndi kalilole wothyoka pakona. Amuna awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Wanga mkazi anandisiya kalekale, ananena kuti sangapikisane ndi mwamuna amene ndimamutchula pogona ndi podzuka.

Zathu ndi Atelala zinayamba ndi tiyi. Ndinawasokera chingwe cha nsapato, ndipo mawa lake kafoni kanga kanalira. Uthenga wake unali wa mawu atatu: "Tiyi wapsa, bwerani." Ndinawerenga katatu kufunafuna pamene pabisala msampha. Nambala yanga anaitenga pachikwangwani changa, zimenezo ndinazimvetsa. Chimene sindinamvetse ndi chifukwa chimene mzimayi wa nkhope yotere angaitanire munthu wonunkha guluu. Ndinaganiza kuti akufuna ndiziwakonzera ulere nsapato za mtundu wawo wonse. Ndinamwa tiyi mwezi wathunthu ndikudikira thumba la nsapatolo. Silinabwere.

Nthawi ya teni koloko iliyonse ankaika makapu awiri pabenchi. Yanga inali yobiriwira, yobenthuka pakamwa. Ankandiseka kuti ndimamwa tiyi ngati munthu amene akuyembekezera kumva kuwawa kwa poizoni. Ine ndinkawayankha kuti amadula nsalu ngati akudana nayo. Tinkatha ola lathunthu choncho, makasitomala anga akundikodola tsidya lina.

Mwezi wachitatu ndinawauza mawu anga. Sindinakongoletse. Ndinati ndili ndi nyumba ya zipinda ziwiri, sindimwa, ndipo ndikufuna tikalambe limodzi, poti kukalambako tayamba kale aliyense payekha. Anaimitsa makina, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndamva, abambo. Koma pali mwana."

Mwanayo ndi mzime wawo, mtsikana wa zaka 24 amene amagulitsa mankhwala m'sitolo ina ndipo amakhala nawo nyumba imodzi. Vuto linali lakuti amaphunzira karate kwa Kamphuno. Anali ndi lamba wa bulauni, akukonzekera mayeso a lamba wakuda. Kuholo kwawoko mbiri yanga imanenedwa mwanjira ina: ati ndinali chilombo chophwanya anzanga, ndipo tsiku la mayeso ndinachita mantha n'kuthawa. Mzimeyo anauza amayi ake kuti munthu wothawa mayeso adzathawanso banja. Atelala anandifotokozera zimenezi akuseka. Ine sindinaseke. Mtsikanayo akandipeza pabenchi ankandipatsa moni wa theka, wina n'kumezera.

Vuto lachiwiri linali Kamphuno mwini wake. Mayunifomu a ophunzira ake amasoketsa kwa Atelala. Lachiwiri lililonse ankaimika galimoto yake pakhomo, kutsitsa nsalu yoyera, n'kukhala pamalo panga. Wakwatirapo katatu, ndipo panopa ali yekha. Nsalu munthu amatsitsa mphindi zisanu, iye ankatha maola awiri. Nditadandaula, Atelala anati ndisavutike, bamboyo amangokamba za iye mwini, iwo amangowerenga mabatani mumtima mpaka atapita. Ndinawakhulupirira pang'ono. Kwa ine pang'ono ndi zambiri.

*

Ngakhale ndinasiya holo, karate sindinasiye. M'mawa uliwonse ndimayeserera ndekha kuseri kwa nyumba yanga, pakati pa mpanda ndi chingwe choyanikapo zovala. Tsiku lina ndikuponya mwendo, buluku la yunifomu linang'ambika pantchafu. Ndinapinda yunifomu yonse monga timapindira anthu a karate, n'kuimanga ndi lamba, ndipo Lolemba ndinakaisiya kwa Atelala.

Pali chinthu chimene aliyense wa masewerawa amadziwa ngakhale sichilembedwa paliponse. Yunifomu imachapidwa, lamba sachapidwa. Aphunzitsi athu ankati thukuta la zaka zako zonse limakhala mmenemo, ndiye ukachapa wataya zimene unaphunzira. Ukamaliza kuyeserera umangomuyanika pamthunzi. Wanga anali asanaonepo sopo chimulandirire. Komanso chakumapeto kwake kunali dontho lakuda, lalikulu ngati chala chachikulu. Anali magazi a mphuno ya Kamphuno. Pa nkhani yonse ija, chimenecho chokha ndi chimene ndinatsala nacho.

Lachitatu Atelala anandipatsa jumbo akumwetulira. Nditatsegula, fungo la maluwa linandimenya kumaso. Buluku analisoka bwino, msoko wake osaoneka. Pamwamba panali lamba wanga, wopindidwa kanayi, wofewa, wotuwa ngati wa munthu wina.

"Mwachapa?"

"Ndachapa, ndasita. Kanali kakuda ngati chopukutira mapoto. Dontho lija la kumapeto ndiye linandivuta, mpaka ndinathira mankhwala oyeretsera."

Ndinatembenuza lamba. Pamene panali dontho panatsala kachigamba koyera.

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufotokoza. Ine m'mutu mwanga munabwera galimoto ija, imene ndinaiona dzulo lake itaima pakhomopo kuyambira teni mpaka thwelofu. Kamphuno amalidziwa dontho limenelo. Yunifomu yanga inali patebulo pomwepo.

"Wakutumani ndani?"

Anaika sizasi pansi pang'onopang'ono, nandifunsa kuti ndikutanthauza chiyani. Ndinanena zonse zimene ndinkaganiza, ndi zina zimene ndinaziganiza ndili mkati molankhula. Sanakweze mawu.

"Abambo, kupatula ana anga, manja awa achapirapo amuna awiri okha, malemu ndi inu. Tengani katundu wanu."

*

Masiku anayi anadutsa opanda tiyi. Teni koloko ikakwana ndinkayang'ana foni, kenaka n'kudzikalipira kuti ndikuyang'aniranji. Ndinalemba uthenga wautali wofotokoza za malamba, n'kuufufuta. Ndinalemba wina wonena kuti ndawakhululukira, nawonso ndinaufufuta, poti ngakhale ine ndinaona kuti sukumveka bwino. Pomaliza ndinatumiza wakuti, "Mwadzuka bwanji?" Yankho linabwera madzulo: "Bwino."

Loweruka, lomwe si tsiku lake, Kamphuno anabwera wopanda nsalu. Anakhala pabenchi atatambasula miyendo. Pochoka anandikwezera dzanja tsidya la msewu ngati ndife abwenzi. Ndinayang'anitsitsa kuti ndione kapu imene anamwera. Inali yoyera, ya makasitomala. Yobiriwira ija inali pashelefu, yovundikira. Ndinakhomera chidendene cha nsapato ya munthu mokhota chifukwa choganiza za kapu imeneyo.

*

Lamulungu m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba, nditamanga lamba wonunkhira maluwa uja. Ndinkachita kata, womwe ndi mndandanda wa mayendedwe otchinga ndi omenya amene munthu amachita yekha, ngati akulimbana ndi adani osaoneka. Nditamaliza ndinaona kuti pampanda patsamira munthu. Anali mzime wa Atelala, atapinda manja pachifuwa.

Anati wabwera kudzandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, amayi ake analakwa, ndipo iye atamva anagwira pakamwa, chifukwa lamba wa munthu sachapidwa. Koma amayiwo sankadziwa. Iye lamba wake amamubisa m'chikwama kuti asamuone, ndipo sanawafotokozerepo chifukwa chake. Chachiwiri, ine ndinalakwa kuposa, chifukwa amayi ake anakhala masana onse akupikita dontho lija mpaka zala kusupuka, akuganiza kuti akundisangalatsa. Za Sensei wake anati ndizichotse m'mutu, amayi ake akamva galimoto ija amapumira m'mwamba.

Ndinayamba kumasula lamba kuti manja apeze chochita.

Sanachoke. Anakanda pansi ndi nsapato, kenaka anafunsa kuti kutembenuka kuja, kwa pakati pa kata, ndinachita bwanji osagwedezeka. Anati iye pamenepo amapepesuka nthawi zonse, ndipo Sensei amangomuuza kuti alimbe miyendo. Ndinamuuza kuti achite ndione. Anavula nsapato, nachita. Mtsikanayo ndi wamphamvu, nkhonya zake zimalira mumphepo. Koma potembenuka ankazungulira pa zala za kuphazi, mapewa patsogolo.

"Zungulira pa chidendene. Chiuno chiyambe, mapewa azitsatira."

Anayesa kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anaima nji, ngati wakhomedwa ndi msomali. Anayang'ana phazi lake, kenaka ine. Ndinamuuza kuti aphunzitsi athu akale ankaphunzitsa choncho, koma Sensei wakeyo sanakugwire kutembenuka kumeneku, ndiye amaphunzitsa kumene anakwanitsa. Pamenepa ndinaonjezera mawu ena amene sindilemba.

Akuvala nsapato anandifunsa kuti, ngati ndimatha chonchi, ndinathawiranji mayeso. Ndinamufotokozera za mndandanda wa mayina. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sananene kuti wakhulupirira, sananenenso kuti ndikunama.

"Mupite kaye mukapepese kwa amayi," anatero. "Ine ndibweranso Lachitatu."

*

Kupepesa sindinakuzolowere. Lolemba ndinawoloka msewu kawiri n'kubwerera, kachitatu ndinalowa. Atelala anali pa makina, akupondaponda osadzutsa mutu. Ndinaima pafupi ndi kalilole n'kunena kuti ndinalakwa. Makina anapitiriza kulira. Atafika kumapeto kwa msoko anaimitsa, nadula ulusi ndi mano.

"Mumati chiyani? Makinawa amasokosa."

Anamva bwinobwino. Ndinabwereza, ndipo ulendo uno ndinaonjezera kuti ndine munthu woganiza zoipa msanga. Anati zimenezo akuzidziwa, anazidziwa tsiku loyamba nditanunkhiza tiyi ndisanamwe. Kenaka nawonso anapepesa za lamba. Anati mwana wawafotokozera, ndipo ngati ndikufuna akhoza kusokerera kansalu ka bulauni pa chigamba choyera chija. Ndinati achisiye. Anandionetsa zala zawo, khungu likusendeka. Ndinazigwira, ndipo sanazichotse mpaka kasitomala atakhosomola pakhomo.

Anatsitsa kapu yobiriwira pashelefu, naipukuta ndi nsonga ya epuloni.

*

Masabata anayi otsatira anali abwino, ndipo ndikunena zimenezi ngati munthu amene sakonda kuyamikira zinthu zisanathe. Mzime ankabwera katatu pa sabata, m'mawa asanapite kuntchito. Ndinamukonza mapewa, ndinamukonza kupuma. Iye anandikonza bondo lomwe limandipweteka, anandibweretsera mafuta opaka ochokera kusitolo kwawo, nati ndikapanda kupaka adzauza amayi ake kuti akufuna kukwatiwa ndi ngolo yothyoka. Anayamba kunditchula Aphunzitsi mwachipongwe. Tsiku lina anaiwala chipongwecho, nangoti bambo. Tonse awiri tinachita ngati sitinamve.

Lamulungu lina anandiitana kukadya kwawo. Ndinakhala pampando umene ndinaona kuti unali wa malemu, ndipo palibe anandichotsapo. Mayi ndi mwana ankakangana za makatani, ine ndikungodya. Ndinadzipeza ndakhala ola lathunthu osaganiza za Kamphuno. Nditazindikira ndinachita ngati ndaiwala chinthu pa basi.

Pondiperekeza, Atelala anaima pageti nanena kuti mwana akangomaliza mayeso ake, ndikaonane ndi achimwene awo. Ndinafunsa ngati zikutanthauza kuti avomera.

"Nanga achimwene anga mukakawaone kuti muwakonzere nsapato?"

Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, minibasi zikundiimbira mabelu.

Koma pali lamulo lina la m'maholo a karate, ndipo ndiyenera kuvomera kuti ndinkalidziwa. Wophunzira wa holo ina saphunzitsidwa ndi munthu wakunja popanda chilolezo cha mphunzitsi wake. Ndinalikumbukira tsiku loyamba lomwe lija, mtsikanayo akuvula nsapato. Ndinakhala chete chifukwa ndinali nditatha zaka 27 wopanda munthu wondifunsa kuti phazi liponde pati.

*

Dzulo, Lachisanu, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti mayeso achitike, ndinali pabenchi cha m'ma 5 koloko ndikuthandiza Atelala kupinda mayunifomu. Mzime analowa atavala yake, chikwama chili m'manja, nthawi yoti akanakhala ali kuholo. Anakhala pampando wa makina achiwiri osapereka moni.

Anafotokoza mosathamanga. Kamphuno anaitana oyesedwa onse kuti achite kata mmodzimmodzi pamaso pa kalasi. Iye atafika pa kutembenuka kuja, anaima nji. Anzake anaomba m'manja. Kamphuno anamuuza kuti abwereze, ndipo ulendo uno anagwada n'kumayang'ana chidendene. Atadzuka anati kutembenuka kumeneku akukudziwa, ndipo anthu amene ankatembenuka choncho anali awiri, mmodzi ali kumanda. Anamufunsa kuti wakhala akupita kuti m'mawa. Mtsikanayo sananame.

Chigamulo anapereka pomwepo. Dzina lake lachotsedwa pa mndandanda. Lingabwerere pokhapokha munthu amene wamuphunzitsa mobisa atabwera kuholo Lolemba madzulo, atavala lamba woyera wa oyamba kumene, n'kugwada pamaso pa kalasi yonse kupepesa kwa Sensei. Apo ayi, adikire oyesa adzabwerenso, ndipo amabwera kamodzi pa zaka ziwiri.

Atelala anamaliza kupinda yunifomu imene inali m'manja mwawo, naiika pamulu.

"Lamulo limeneli munkalidziwa, abambo?"

"Ndinkalidziwa."

Mzime anati nayenso ankalidziwa, ndipo anabwera yekha, palibe anamukoka. Anati ndisapite, iye adikira zaka ziwirizo. Ananena akuyang'ana kukhoma. Amayi ake anamuuza kuti akhale chete. Anandikumbutsa kuti mwanayu wakhala akudzuka m'bandakucha zaka zisanu ndi ziwiri, anathyokapo chala kawiri, ndipo anayamba masewerawa chaka chimene bambo ake anadwala. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Za achimwene zija tiyambe taimika," anatero. "Tione Lolemba."

Anatsegula kabati ya pansi pa tebulo, mmene amasungamo malamba atsopano a ophunzira a Kamphuno. Anasankha woyera, namutambasula, nayang'ana m'chiuno mwanga kamodzi, n'kumubweza. Anatulutsa wina wotalikirapo. Ameneyo anamupinda kanayi n'kumuika pabenchi, pambali pa kapu yanga.

Lamba woyerayo ndabwera naye kunyumba. Lero ndi Loweruka ndipo sindinatsegule ntchito. Kamphuno akundidikira mkuja, 5 koloko, kuti ndikamugwadire ana makumi anayi akuona. Dzina langa analisiya dala pa mndandanda zaka 27 zapitazo, ndipo mpaka lero sanavomerepo kwa munthu aliyense.